CILUNGAMO CA PAKAMWA

Ku dziko la America kuli mpikisano wa ophunzira a m'masukulu akulu a yunivesite umene eni ace amaucha Ethics Bowl. Mau akuti "ethics" atanthauza nzeru ya kusiyanitsa cabwino ndi coipa. Mau akuti "bowl" atanthauza mbale. Koma anthu a ku America amachula motero mipikisano yao yaikulu ya mpira, cifukwa mabwalo ena amene amaseweramo anamangidwa mozungulira ngati mbale. Tsono dzina lonse likamasuliridwa, ndilo mpikisano wa makhalidwe abwino. Munthu wakumva dzina limeneli koyamba ayenera kudabwa ndithu. Anthu amapikisana pa liwiro, pa mpira, pa kulima ndi pa kubvina, ndipo wopambana amaoneka ndi maso. Nanga pa khalidwe labwino wopambana adziwika bwanji?

Amene anayamba masewerawa ndiye Robert Ladenson, mphunzitsi wa nzeru za filosofi pa sukulu ya Illinois Institute of Technology, mu mzinda wa Chicago. Sukulu imeneyi iphunzitsa makamaka anthu a nchito za makina ndi zomanga-manga. M'caka ca 1993 iye anasonkhanitsa ophunzira a pa sukulu yomweyo nawapikisanitsa okha-okha. Masukulu ena ataona anafuna kulowa nawo, ndipo m'caka ca 1997 mpikisanowo unakhala wa dziko lonse. Kuyambira pamenepo umacitika caka ndi caka pa msonkhano waukulu wa bungwe lochedwa Association for Practical and Professional Ethics. Masukulu olowa anaculuka kotero kuti magulu amayamba apikisana m'zigawo zao ca kumapeto kwa caka, ndipo opambana okha ndiwo amanka ku mpikisano wotsiriza ca mu February kapena March. Ana a sukulu za sekondale nawonso anapatsidwa mpikisano wao, umene unacitika koyamba kwa dziko lonse m'caka ca 2013 ku Chapel Hill, m'cigawo ca North Carolina.

Maseweredwe Ace

Masabata angapo tsiku la mpikisano lisanafike, magulu onse amalandira kabuku ka nkhani zobvuta monga 15. Nkhanizo ziri za mtundu uwu: Dokotala ali ndi odwala awiri ofuna impso, koma impso iri imodzi, apatse yani? Kalaliki wapeza kuti bwana wace alikunamiza ogula, akaulula acotsedwa nchito, ndipo ana ace agona ndi njala, acite ciani? Kodi nkoyenera kuzunza nyama poyesa mankhwala atsopano? Ophunzira amawerenga nkhani zonse nakambirana pamodzi ndi mphunzitsi wao, pakuti sadziwa nkhani imene idzawagwera.

Pa tsikulo magulu awiri amakhala pa magome awiri, gulu liri lonse anthu osaposa asanu. Pali wapampando, ndiponso pali oweruza atatu. Wapampando achula nkhani imodzi ya m'kabuku muja, nafunsa funso limene ophunzira sanalimve kale. Gulu loyamba linong'onezana pang'ono, ndipo liyankha kwa mphindi zosaposa 10. Gulu laciwiri lipatsidwa mphindi 5 kuti linene pamene yankholo laperewera. Gulu loyamba libweza mau, ndipo potsiriza oweruza alifunsa mafunso ao. Atatha apo wapampando atenga nkhani yina, magulu nasinthana. Woweruza ali yense alemba malikisi ace payekha. Magulu amene apambana kawiri-kawiri apitirira, ena natsala, kufikira atsala awiri okha. Ndipo limodzi la iwo linyamula cikho kunka naco kwao.

Cabwino Cimene Cirimo

Wotsutsa mnzace ayenera ayambe wabvomera cimene mnzaceyo wakhoza. Masewerawa ali ndi cinthu cimodzi cabwino ndithu, ndico cakuti gulu silipatsidwa mbali. M'mipikisano ya mtsutso imene masukulu ambiri a pa dziko lapansi aidziwa, gulu lina limauzidwa kuti, "Inu mubvomereze," ndi gulu lina kuti, "Inu mukane." Mnyamata amene mtima wace ulikukana amaimirira nabvomereza ndi mau okweza, cifukwa maere amgwera motero. Akapambana anzace amuombera m'manja, ndipo iye abwerako ataphunzira kuti lilime likhoza kuyenda lokha, mtima uli kwina.

Mcitidwe umenewu ngwakale, ndipo anthu anzeru anauopa kale-kale. M'caka ca 155 Kristu asanabadwe, anthu a ku Athens anatuma akulu atatu ophunzira kunka ku Roma kukawadandaulira pa mlandu wa ndalama zimene anawalipiritsa. Mmodzi wa atatuwo anali Carneades. Ali ku Roma, tsiku lina iye analankhula pamaso pa khamu kutamanda cilungamo, ndipo anthu anacita kakasi ndi kukoma kwa mau ace. M'mawa mwace anabweranso nagwetsa zonse zimene ananena dzulo lace, ndi mau okoma cimodzi-modzi. Anyamata a ku Roma anakondwera kwambiri. Koma nkhalamba yina yomveka, dzina lace Cato, inaumiriza akulu a bwalo kuti amalize msanga nkhani ya alendowo ndi kuwabweza kwao, anyamata asanaonongeke. Theodore Roosevelt, amene anakhala Pulezidenti wa America kuyambira 1901 kufikira 1909, nayenso analemba m'buku la mbiri ya moyo wace m'caka ca 1913 kuti anakondwa posalowa nawo mtsutso wotere pamene anali pa sukulu ya Harvard, cifukwa uphunzitsa munthu kulankhula mocenjera pa mbali imene saikhulupirira.

Ladenson anacotsa cirema cimeneci. M'masewera ace gulu liri lonse linena cimene liciyesa coona. Magulu awiri akhoza kugwirizana pa yankho, ndipo palibe colakwa. Nchito ya gulu laciwiri ndiyo kuonetsa pamene maganizo a anzao ali ofooka, monga mmisiri aonetsa mnzace phaso lobvunda pa denga. Wonyoza ndi wodula mnzace mau sapindula kanthu. Pa dziko limene anthu a ndale amalalatirana pa wailesi ndi pa intaneti, kuona acinyamata alikumvetserana cotere nkokondweretsa, ndipo ulemu umenewu asaulande munthu.

Nyerere Za Mu Mkuyu

Koma akale anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyerere yoyamba iri m'dzina lomwelo. Sukulu ikapambana imalengeza m'nyuzipepala zace, zithunzi za ophunzira atanyamula cikho zimaoneka ponse-ponse, ndipo wophunzira pofuna nchito akhoza kulemba m'kalata yace kuti anapambana pa mpikisano wa makhalidwe abwino. Wowerenga kalatayo aganiza ciani? Aganiza kuti wapeza munthu wokhulupirika, woti nkumsungitsa makiyi a sitolo. Koma pa pepala la oweruza palibe malo olembapo kukhulupirika. Oweruza amayang'ana ngati gulu lalankhula momveka ndi mwadongosolo, ngati lagwira mutu weni-weni wa nkhani osasocera m'zacabe, ndi ngati laganizira bwino maganizo a anthu otsutsana nalo. Zonsezi nzabwino, koma zonsezi nza pakamwa. Mbala yophunzira ikhoza kuzicita zonse. Ndipo kunena zoona, mbala ndiyo imadziwa bwino maganizo a mwini katundu, pakuti nchito yace itsamira pamenepo.

Pali cinanso. Oweruza amauzidwa kuti asapatse malikisi cifukwa cakuti yankho la gulu lagwirizana ndi maganizo ao, koma aone m'mene gululo lamangira yankho lace. Lamuloli liri ndi cifukwa cace, pakuti popanda ilo woweruza akadangokondera ogwirizana naye. Koma cipatso cace ndi ici: gulu limene lanena coipa mwaluso liposa gulu limene lanena coona mwacibwibwi. Pa nkhani ya amene alandire impso ndi amene afe, kuuza mwana kuti yankho liri lonse ndi labwino malinga lamangidwa bwino, ndiko kumphunzitsa kuti nyumba ikongole kunja ngakhale mizati yace yadyedwa ndi ciswe. Motero Carneades uja, amene Ladenson anampitikitsa, wabwerera kuseri kwa nyumba.

Nyerere yaciwiri iri m'cikho. Lamulo liti gulu linene cimene likhulupirira. Koma gululo layenda ulendo wautali ndi ndalama za sukulu, ndipo silinadzere kugonja. Pokonzekera, funso lina limalowa m'cipinda losaitanidwa, nalikhala pa mpando wa ulemu: "Kodi oweruza adzakonda yankho liti?" Wophunzira amene mtima wace umuuza kuti cinthu cakuti-cakuti ncoipa kotheratu aona msanga kuti mau otere ali ngati kuoloka mtsinje wodzala pa mtengo umodzi. Yankho losaopsa ndilo la pakati, lakuti uku kuli coona, ukonso kuli coona, tsono atengeko pang'ono uku ndi pang'ono uko. Anthu asanu ayenera kuturutsa yankho limodzi. Mmodzi akakana, anzace amdandaulira kuti akhale cete cifukwa ca gulu, ndipo iye akhala cete. Cimene waphunzira tsiku limenelo ndico kumeza mau ace kuti gulu lipambane. Ndipo m'maofesi, m'zipatala ndi m'mafakitale momwe iye adzagwira nchito, phunziro limeneli ndilo limene lapha anthu.

Nkoona kuti nkhani zambiri ziri ndi mbali ziwiri, ndipo munthu wosamva mbali ya mnzace ncitsiru. Koma si nkhani zonse iai. Munthu amene akadaima pa msika wa akapolo nanena mofatsa kuti ogulitsa ali ndi mfundo yao, ogulitsidwanso ali ndi mfundo yao, sakadakhala wanzeru. Akadakhala mthandizi wa ogulitsa.

Nyerere yacitatu ndiyo yoluma koposa: mwini nkhani palibe. Pa bwalo la mirandu la kumudzi wodandaula alipo, woyankha alipo, ankhoswe ao alipo, ndipo mfumu imene igamula idzakomana nawo onse pa maliro ndi pa mowa zaka zonse za moyo wace. Ikagamula mokhota idzaona misozi ya wolakwiridwa ndi maso ace. Pa mpikisano uja kalaliki wocotsedwa nchito ndi wodwala wopanda impso ali pa pepala cabe. Sangaimirire kuti anene, "Mwalakwa, sizinatero." Anthu amene sanagonepo ndi njala amagamula za njala yace, ndipo mphindi zikatha wapampando atsegula tsamba lina. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Koma m'cipinda muja palibe ndi mmodzi yemwe amene m'mimba mwace mulikupweteka.

Ophunzira Ubusa A Ku Princeton

Kodi kudziwa cabwino ndi kucita cabwino ndi cinthu cimodzi? Aphunzitsi awiri, John Darley ndi Daniel Batson, anayesa funso limeneli pa sukulu ya ubusa ya ku Princeton, m'cigawo ca New Jersey, ndipo zimene anapeza anazisindikiza m'caka ca 1973. Anaitana ophunzira mmodzi-mmodzi, namuuza ali yense kuti apite ku nyumba yina ya pafupi kukalankhula mau ocepa. Ena anauzidwa kuti akalankhule za nchito zimene munthu wophunzira ubusa angagwire. Ena anauzidwa kuti akalankhule za fanizo la Msamariya wacifundo, uja anathandiza munthu wobvulazidwa ndi acifwamba pamene wansembe ndi Mlevi anamlambalala. Potuluka, ena anauzidwa kuti acedwa kale, afulumire. Ena anauzidwa kuti nthawi ikalipo.

Pa njira yao aphunzitsiwo anaikapo munthu wokhala cogwa pa khomo lina, mutu uli wera, alikutsokomola ndi kubuula. Mwa iwo amene anauzidwa kuti nthawi ikalipo, oposa 6 mwa 10 ali onse anathandiza. Mwa iwo amene anauzidwa kuti acedwa, anathandiza mmodzi yekha mwa 10. Ndipo nkhani imene munthu anasenza m'mutu mwace siinasinthe zambiri. Ena amene analikunka kukalalikira za Msamariya wacifundo anacita kumlumpha munthu wobuulayo, nathamangira ku ulaliki wao.

Anyamata amenewa sanali oipa mtima. Akadafunsidwa pa gome la mpikisano kuti munthu acite ciani akapeza mnzace wagwa pa njira, onse akadayankha bwino, nalandira malikisi oculuka. Cimene cinawagonjetsa ndico wochi, ndi mantha a kukhumudwitsa akulu amene analikuwadikira. Tsono masewera amene ayesa wophunzira ndi wochi, namzoloweza kuyang'ana nkhope za akulu atatu olemba malikisi, sangathe kucotsa matenda amenewa. Ngati acita kanthu, awadyetsa.

Ngakhale akatswiri a nzeru zimenezi sapulumuka. Eric Schwitzgebel, mphunzitsi wa filosofi pa yunivesite ya California ku Riverside, anafufuza m'nyumba zosungiramo mabuku za mayunivesite, ndipo m'caka ca 2009 anaonetsa kuti mabuku ophunzitsa za makhalidwe abwino amasowa kawiri-kawiri kuposa mabuku ena a filosofi ofanana nawo. Nkhaniyi njoseketsa, koma iri ndi mano. Aristotle, mphunzitsi wa ku Greece wa zaka zoposa 2,300 zapitazo, anacidziwa kale cimeneci. Iye anaphunzitsa kuti monga munthu akhala mmisiri wa nyumba pomanga nyumba, momwemonso akhala wolungama pocita zolungama, ndi wolimba mtima pocita zolimba mtima. Ndipo anafanizira anthu ongokamba za ubwino ndi odwala amene amvetsera bwino mau a sing'anga koma osamwa mankhwala.

Usiku Wa Pa 27 January 1986

Popeza mpikisanowu unabadwira pa sukulu ya anthu a makina, nkoyenera kukumbukira mmisiri wina wa makina, dzina lace Roger Boisjoly. Iye anali kugwira nchito pa kampani ya Morton Thiokol, imene inali kupanga maroketi okankha zombo za m'mlengalenga za bungwe la Boma lochedwa NASA. Pamene zigawo za roketi zilumikizana panali mphira zozungulira ngati mphete, zotseka kuti mpweya wamoto usatulukire pambali. Boisjoly anaona kuti kukazizira mphirazo zimauma, ndipo sizitseka msanga. Pa 31 July 1985 analembera akulu ace kalata yowacenjeza kuti bvutoli likhoza kutayitsa miyoyo ya anthu.

Usiku wa pa 27 January 1986 kunazizira kwambiri ku Florida, kumene combo cochedwa Challenger cinayenera kunyamuka m'mawa mwace. Akulu a kampani ndi akulu a NASA anacita msonkhano pa lamya. Amisiri analangiza kuti combo cisanyamuke. Akulu a NASA sanakondwere, ndipo anafuna umboni wa mawerengero, umene Boisjoly analibe wokwanira. Iye anali ndi zithunzi za mphira zowauka ndi zimene maso ace anaona. Akulu a kampani anapempha kanthawi kuti akambirane okha. Boisjoly anayala zithunzi zace pa gome pamaso pao, koma anaona kuti palibe amene alikumchera khutu. Akulu anai anagamula kuti combo cinyamuke. M'mawa mwace, patangopita masekondi 73 cinyamukire, Challenger inasweka m'mwamba, ndipo anthu 7 amene analimo anafa, mmodzi wa iwo mphunzitsi wa sukulu, Christa McAuliffe. Boisjoly ananena zoona pamaso pa bwalo lofufuza ngoziyo. Anzace a pa nchito anayamba kumsala, ndipo pasanapite nthawi iye anasiya nchitoyo.

Wowerenga ayese kuika msonkhano umenewu pa pepala la oweruza atatu aja. Akulu a kampani analankhula mofatsa. Anamva mbali zonse. Anayeza ngozi ndi phindu, naonetsa kuti umboni wa amisiri unali ndi mipata, ndipo pamenepo sananame. Boisjoly analankhula ndi mtima wowawa, wopanda mawerengero okwanira. Malikisi akadanka kuti? M'cipinda cimeneco nzeru ya kukamba siinasowe. Cinasowa ndico mtima wa kukana munthu amene agula katundu wa kampani, ndi kubvomera kutaya cimene cikadatayika. Mtima wotere sungayesedwe pa gome pamene cotayika cacikulu ndico cikho.

Mau A Otetezera

Okonda masewerawa ali ndi yankho lao, ndipo liyenera kumveka. Iwo ati: "Sitinanene kuti tipanga anthu oyera mtima. Tiphunzitsa kuganiza, ndipo munthu wosadziwa kuganiza akhoza kucita coipa ngakhale mtima wace uli wabwino." Mau awa ngoona. Mmisiri amene sanaganizepo za kalaliki uja adzadzidzimuka tsiku limene iye mwini adzakhala kalalikiyo. Koma ngati ndi kuganiza kokha kumene kuyesedwa, masukulu anene motero poyera, ndipo aleke kuonetsa cikho ngati umboni wakuti ana ao ali olungama kuposa ana a sukulu yina. Wopambana achedwe katswiri wa kulongosola nkhani. Dzinalo nlaulemu ndithu, ndipo silinamiza munthu.

Iwo atinso: "Popanda cikho ophunzira sangabwere." Mau awa ndiwo aulula mlandu wonse. Ngati acinyamata adza cifukwa ca cikho, ndiye kuti pamene cikho ndi coonadi zipatukana njira, ambiri adzatsata cimene anadzera.

Njira ya kukonza iripo, ndipo siifuna ndalama zambiri. Oweruza amacokera m'nchito zosiyana-siyana, monga aphunzitsi, maloya, madokotala ndi a malonda. Koma ambiri a iwo ndi anthu amene pa moyo wao amakhala ku mbali ya gome kumene kucokera cigamulo. Pa mpando umodzi mwa itatuyo pakhale munthu wa ku mbali inayo: wodwala amene anadikirapo impso, wanchito amene anacotsedwa cifukwa ca kuulula, mai amene anataya mwana pa ngozi ya m'fakitale. Wophunzira amene sagwirizana ndi gulu lace apatsidwe mphindi zace kuti anene yekha pamaso pa onse, ndipo gulu lisalangidwe cifukwa ca iye. Ndipo gulu lisanaloledwe kugamula za akaidi kapena za odwala, liyambe lakhala nawo masiku angapo, liwamve. Amene akana zinthu zitatu izi cifukwa zibvutitsa kawerengedwe ka malikisi aonetsa okha cimene aciyesa cacikulu.

Amuna A Ku Macon

M'caka ca 1932 nthambi ya za umoyo ya Boma la America inasonkhanitsa amuna akuda 600 m'boma la Macon, m'cigawo ca Alabama, pafupi ndi sukulu ya Tuskegee. Ambiri a iwo anali alimi osauka olima minda ya eni, ndipo ambiri sanadziwe kuwerenga. Mwa iwo 399 anali ndi cindoko, ndipo 201 analibe. Madokotala anawauza kuti alikuwaciza "magazi oipa". Anawapatsa cakudya pa masiku a kupimidwa, nawalonjeza ndalama za maliro. Koma colinga ca madokotalawo cinali kuona m'mene cindoko cimaonongera thupi la munthu cikasiyidwa cosacizidwa, kufikira imfa. Pofika ca m'ma 1947 mankhwala a penisilini anadziwika ponse-ponse kuti aciza cindoko. Amuna a ku Macon sanawapatse.

Cinthuci sicinacitike mobisa kwa anthu ophunzira iai. Zotsatira zace zinali kusindikizidwa m'magazini a madokotala, ndipo ambiri anaziwerenga natsegula tsamba lina. M'caka ca 1966 mnyamata wina wa nchito yaing'ono m'nthambi yomweyo ku San Francisco, dzina lace Peter Buxtun, analembera akulu ace kuti zimenezi nzoipa. Analembanso mu 1968. M'caka ca 1969 akulu anaitanitsa akatswiri ku Atlanta kuti akambirane. Akatswiriwo anakhala pa gome, nayeza mbali iyi ndi mbali iyo, nachula phindu la maphunziro ndi ngozi ya kupatsa mankhwala anthu okalamba, ndipo anagamula kuti nchitoyo ipitirire. M'cipindamo munalibe mlimi wa ku Macon ndi mmodzi yemwe.

Buxtun ataona kuti kukambirana kwalephera, anapereka mapepala ace kwa atolankhani. Jean Heller wa bungwe la nkhani la Associated Press anaulutsa nkhaniyo mu July 1972, ndipo caka comweco nchito imene inatha zaka 40 inalekeka. Pamenepo amuna ambiri anali atafa kale, ndipo matendawo anali atafika kwa akazi ao ena ndi kwa ana ena obadwa nawo. Pa 16 May 1997, caka comwe mpikisano wa Ethics Bowl unakhala wa dziko lonse, Pulezidenti Bill Clinton anapepesa m'dzina la Boma. Mwa amuna aja amoyo anatsala 8 okha, ndipo 5 ndiwo anatha kufika ku White House kudzamva mau a kupepesawo.